ZA UMOYO M'BANJA: Mantha Amene Amadza ndi Mankhwala Ogonetsa

Mwezi uno tiyamba ndi kudziulula tokha, pakuti nkhani imene tikuti tikambirane inatipeza ife eni ake tili osadziwa kanthu.

Mai wina wa mu mphakati mwathu, wa ana anai, anagwa pa njinga pocokera ku cigayo nathyoka mkono. Ku cipatala anamuuza kuti fupalo liyenera kuongoledwa iye ali m'tulo. Monga mwa cizolowezi cathu, tinasonkhana anthu 8, wina ndi botolo la thobwa, wina ndi nthoci, kupita kukamuona. Tinafika pa nthawi yomwe anali atangomubweza mu wodi kucokera m'cipinda ca opaleshoni. Maso ake anali otsegula, koma sanali kutiona. Posakhalitsa anayamba kupuma mofulumira ngati munthu wothamangitsidwa, thukuta lili kamukamu, nafuula kuti, "Mayo ine, ndikufa! Makoma akundigwera! Thupi langa lili kuti?"

Mmodzi wa ife anayambitsa nyimbo mokweza. Wina anamugwira mutu namugwedeza, akumuitana ndi dzina. Apongozi ake, amene anakhala cete pa ngodya, anangoti, "Izi si za cipatala izi. Tikuwadziwa amene acita." Tonse tinamva amene anali kunenedwa: mkulu wina amene banjalo linali kulimbirana naye malire a munda.

Namwino wacikulire anafika, ndipo sanakalipe. Anati, "Amai ndi abambo, conde tulukani pang'ono. Atsale mmodzi yekha amene wodwalayu amamudziwa bwino." Anasiya mng'ono wa wodwalayo, natseka nsalu kuzungulira bedi, namuyeza, naitana amene anamugonetsa. Patapita ola limodzi maiyo anagona tulo tabwino, ndipo madzulo anamwa phala akufunsa za ana ake. Koma mau a apongozi aja anali atafika kale kumudzi, ndipo iye mwini analumbira kuti sadzapondanso pa cipatala, ngakhale kukaonetsa mkonowo.

M'mawa mwake amene anamugonetsa uja anatikhazika pansi natifotokozera. Zimene anatiuza, pamodzi ndi zimene taphunzira cicokere tsikulo, ndizo tikukugawirani lero. Mutu wake ndi uwu: mantha aakulu amene amagwira anthu ena podzuka ku mankhwala ogonetsa ndi cinthu codziwika bwino kwa acipatala, cili ndi cifukwa cake, ndipo kawiri-kawiri cimatha. Koma zimene ife odwazika matenda timacita ndi kunena pa ola limenelo zingathe kucepetsa vutolo kapena kulikulitsa.

MLONDA WOLIZA WEZULO POPANDA MBALA

Thupi la munthu lili ndi mlonda wake. Mkati mwa ubongo muli kaciwalo kakang'ono kochedwa amygdala, kamene nchito yake ndi kuzindikira ngozi. Tikaona njoka pa njira, kaciwaloka kamatumiza uthenga ku tiziwalo tiwiri tokhala pamwamba pa impso, ndipo timeneti timathira m'magazi mankhwala acibadwa ochedwa adrenaline. Nthawi yomweyo mtima umagunda mwamphamvu, mpweya umafulumira, minofu imakungika, thukuta limatuluka. Zonsezi n'zotithandiza kuti tithawe kapena tidziteteze.

Nthawi zina mlondayu amaliza wezulo popanda mbala. Thupi lonse limadzidzimuka ngati pali ngozi ya imfa, pamene munthuyo wangokhala pa mpando kapena wagona pa bedi. Izi ndizo madokotala amati panic attack m'Cingerezi, ndipo ife tizichula kuti mantha adzidzidzi. Buku la bungwe la madokotala a matenda a maganizo la ku America, limene linatuluka m'caka ca 2013, limachula zizindikiro 13 za mantha amenewa, ndipo munthu akakhala ndi 4 kapena kuposerapo pa nthawi imodzi amati agwidwa nawo. Zina mwa izo ndi kugunda kwa mtima, kunjenjemera, kubanika, kumva ngati wina akukukanyanga pakhosi, kupweteka kwa m'cifuwa, mseru, cizungulire, dzanzi m'zala ndi m'milomo, kumva ngati watuluka m'thupi lako, kuopa kuti ukupenga, ndi kuopa kuti ukufa. Manthawa amafika pacimake m'mphindi zocepa, nthawi zambiri zosapitirira 10, ndipo ambiri amatha pakati pa mphindi 5 ndi 20, n'kumusiya munthu ali wofooka ngati walima tsiku lonse.

Dzanzi la m'zala limaopsa anthu ambiri, koma cifukwa cake n'capafupi. Munthu akamapuma mofulumira kwambiri amataya mpweya wa carbon dioxide woculuka kuposa muyezo, ndipo izi zimasintha magazi kwa kanthawi kotero kuti zala zimacita dzanzi, mwina n'kupindika. Akayambanso kupuma pang'ono-pang'ono zimabwerera m'malo.

M'caka ca 1986 katswiri wa za maganizo wa ku Oxford, David Clark, anafotokoza m'mene manthawa amadzidyetsera okha. Munthu amamva mtima ukugunda, naganiza kuti mtima ukuima. Ganizolo limaonjezera mantha, mantha amaonjezera adrenaline, ndipo mtima umagunda koposa. Apa ndipo pali mfundo ya nkhani yathu: cinthu cina ciri conse cimene cingagundise mtima, kubanikitsa, kapena kusokoneza m'mene munthu amamvera thupi lake, cingathe kuyambitsa mzungulire umenewu. Mankhwala ena a m'cipinda ca opaleshoni amacita zimenezo.

Ndipo si vuto la anthu owerengeka ai. Kafukufuku wa bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO m'maiko 25, amene anafalitsidwa m'caka ca 2016, anapeza kuti anthu pafupi-fupi 13 mwa 100 ali onse amagwidwapo ndi mantha adzidzidzi pa moyo wao, koma osakwana 2 mwa 100 ndiwo amafika pokhala nawo monga matenda obwereza-bwereza.

MPHATSO IMENE ILI NDI MTENGO WAKE

Tisanachule mankhwalawo, tikumbuke cimene anatipulumutsako. Kale munthu wofunika kudulidwa mwendo anali kugwiridwa ndi amuna amphamvu, iye akumva zonse. Pa 16 Okutobala 1846, pa cipatala ca Massachusetts General mu mzinda wa Boston, dokotala wa mano William Morton anagonetsa wodwala ndi ether pamaso pa madokotala anzake, ndipo cotupa ca pakhosi cinacotsedwa wodwalayo osafuula. Caka cotsatira James Young Simpson wa ku Edinburgh anayamba kugwiritsa nchito chloroform kwa amai obereka. Kucokera apo mankhwala asintha kwambiri ndipo ngozi zace zacepa, koma palibe mankhwala amphamvu amene alibe zotsatira zina. Walira mvula walira matope.

Masiku ano pali njira zitatu zikulu-zikulu: kugonetsa munthu yense, kulasa nyeleti pamsana kuti thupi licite dzanzi kuyambira m'ciuno kapena m'cifuwa kutsika, ndi kucititsa dzanzi pa malo amodzi okha, monga pozula dzino kapena posoka bala. Njira iri yonse ili ndi m'mene ingadzetsere mantha.

Mai wa mu mphakati mwathu uja anapatsidwa ketamine. Mankhwalawa anapangidwa ku America m'caka ca 1962 ndi Calvin Stevens, anayesedwa koyamba pa anthu mu 1964, ndipo analoledwa m'zipatala za kumeneko mu 1970. Ubwino wake ndi waukulu. Wodwala nthawi zambiri amapitiriza kupuma yekha, magazi ake satsika mphamvu, ndipo mankhwalawa angalasidwe ngakhale mu mnofu. N'cifukwa cake ndiwo nsanamira ya maopaleshoni m'zipatala zambiri za kumidzi muno mu Africa, kumene makina opumitsa odwala ndi ocepa ndipo magetsi sadalirika. WHO inawaika pa mndandanda wa mankhwala ofunika koposa kuyambira mu 1985. M'caka ca 2015, pamene dziko la China linapempha bungwe la United Nations ku Vienna kuti ketamine aikidwe pa malamulo okhwima a dziko lonse cifukwa ca anthu omugwiritsa nchito molakwa, madokotala a maiko ambiri anacenjeza kuti odwala a m'maiko osauka ndiwo adzavutike, ndipo pempholo linaimitsidwa.

Koma ketamine sagonetsa monga tulo ta masiku onse. Amalekanitsa ubongo ndi mauthenga ocokera m'thupi, kotero kuti munthu angakhale maso ali otsegula koma osamva ululu ndi osadziwa kumene ali. Mankhwala akamatha mphamvu, maso, makutu ndi khungu sizibwerera pa nthawi imodzi. Ubongo umalandira mauthenga oduka-duka, n'kuyesa kuwalumikiza, ndipo pamenepo ndi pamene ena amaona makoma akuyenda, amamva ngati akuuluka, kapena ngati thupi lao lawathawa. Kwa ena zimenezi zimakhala ngati maloto okoma. Kwa ena ndi zoopsa zosaneneka. Pepala la malangizo la opanga mankhwalawa limanena kuti odwala pafupi-fupi 12 mwa 100 amakumana ndi zotere podzuka, kuti n'zosowa kwa ana osapitirira zaka 15 ndi kwa okalamba opitirira zaka 65, kuti kawiri-kawiri zimatha m'maola ocepa, ndi kuti kwa ena zimabwererako mpaka maola 24. Acipatala amazicepetsa popereka diazepam kapena midazolam. Ndipo pepala lomwelo limalangiza kuti wodwala akamadzuka asacitiridwe phokoso, asagwidwe-gwidwe, ndipo asaonetsedwe zinthu zambiri. Onani tsono: nyimbo yathu yokweza ija, kumugwedeza mutu kuja, ndi nkhope 8 zomuzungulira, zonse zinali kuthira mafuta pa moto, ngakhale tinazicita ndi mtima wabwino.

PA MPANDO WA DOKOTALA WA MANO NDI PA BEDI LA UCEMBERE

Ambiri a ife sitinagonetsedwepo, koma tinazulitsapo dzino. Nyeleti ya m'nkhama nthawi zambiri imakhala ndi lidocaine wosakaniza ndi adrenaline pang'ono. Adrenaline amaikidwamo dala kuti apanikize timitsempha ta magazi, dzanzi likhalitse ndipo magazi asatuluke ambiri. Pang'ono pokha pakalowa mu mtsempha, mtima umagunda, manja amanjenjemera, ndipo munthu amene anabwera kale ndi mantha amakhulupirira kuti wafa. Thupi limaphwanya adrenaline msanga, conco zimenezi zimazirala m'mphindi zocepa. Ambiri amacoka pamenepo akunena kuti mankhwala a dzanzi sagwirizana ndi magazi ao, n'kumapirira dzino lowola kwa zaka. Kusagwirizana kweni-kweni ndi lidocaine n'kosowa kwambiri, ndipo alipo mankhwala a dzanzi opanda adrenaline amene dokotala angasankhe akauzidwa. Komabe, ngati mutalasidwa nyeleti ya dzanzi mwamva kukoma kwa citsulo m'kamwa, kulira m'makutu, kapena dzanzi kuzungulira milomo pamene nyeleti inalasidwa kwina, nenani nthawi yomweyo. Zimenezo zingasonyeze kuti mankhwala aculuka m'magazi, ndipo zimafuna cithandizo camsanga.

Nyeleti ya pamsana inayambidwa ndi August Bier mu mzinda wa Kiel ku Germany m'caka ca 1898, ndipo lero ndiyo njira imene amai ambiri obereka mwa opaleshoni amapatsidwa. Mai amakhala maso, namva kulira koyamba kwa mwana wake. Koma dzanzi limakwera kufika ca m'mabere, ndipo popeza sakumva cifuwa cake cikukwera ndi kutsika, angaganize kuti waleka kupuma. Mnofu waukulu wopumira, umene uli pansi pa mapapo, umalamulidwa ndi mitsempha yocokera m'khosi, kutali ndi kumene mankhwala amafika nthawi zambiri. Mai amene akutha kulankhula momveka ndi kufinya dzanja la namwino akupuma ndithu. Ngakhale zili conco, anene zonse zimene akumva, cifukwa nyeletiyi imatsitsa mphamvu ya magazi, n'kudzetsa mseru ndi cizungulire, ndipo mwa apo ndi apo dzanzi limakwera kupitirira. Wogonetsa amakhala ku mutu kwa bedi cifukwa ca zimenezi, ndipo mankhwala ake amakhala nawo pafupi.

Palinso mankhwala amene si ogonetsa koma amaperekedwa pa nthawi yomweyo. Metoclopramide, woletsa kusanza, amacititsa anthu ena kusakhazikika koopsa, maka-maka akathiridwa mu mtsempha mofulumira: miyendo imafuna kuyenda, mtima suli m'malo, ndipo munthu amafuna kuzula dilipi n'kuthawa. Midazolam yemwe, amene nchito yake ndi kukhazika mtima pansi, kwa anthu owerengeka amacita zosiyana, n'kuwabalalitsa.

Makolo adziwenso izi. Ana ang'ono, maka-maka a zaka zapakati pa 2 ndi 5, akagonetsedwa ndi mpweya wochedwa sevoflurane, nthawi zina amadzuka akulira kosatonthozeka, akuphiriphitha, osawazindikira ngakhale amai ao. Zimatha zokha, kawiri-kawiri pasanathe theka la ola, ndipo mwanayo sakumbukira. Asakalipiridwe kapena kumenyedwa. Angotetezedwa kuti asagwe ndi kuti asazule dilipi.

Cinthu cina n'cosowa koma n'colemera. Pa maopaleshoni aakulu wodwala amapatsidwanso mankhwala ofooketsa minofu. Zikacitika kuti wazindikira ali pakati pa opaleshoni, kapena wadzuka mankhwalawo asanathe, amamva koma sangagwedeze ngakhale cala. Kafukufuku wamkulu wa ku Britain ndi Ireland wa m'caka ca 2014 anapeza kuti wodwala mmodzi mwa 19,000 ogonetsedwa ndiye ananena kuti zinamucitikira, ndi mmodzi mwa 670 pakati pa amai obereka mwa opaleshoni atagonetsedwa thupi lonse. Mwa amene zinawacitikira, pafupi-fupi 4 mwa 10 anavutika maganizo kwa nthawi yaitali, ndi maloto oipa ndi mantha. Lipotilo linalangiza kuti munthu wotere amvedwe, akhulupiriridwe, ndipo athandizidwe msanga. Mbale wathu akanena kuti anamva mau a madokotala ali pa tebulo, tisamuseke kapena kumuuza kuti analota. Timuthandize kukanena ku cipatala.

Tinene zoona: si nthawi zonse pamene mankhwala ali okha. Nkhawa ya masiku odikira opaleshoni, kusagona, njala, ululu wa bala, ndi kudzuka m'malo acilendo zimasonkhezera. Ndipo munthu amene anagwidwapo kale ndi mantha adzidzidzi amagwidwanso mosavuta.

SI KUBANIKA KONSE KUMENE KULI MANTHA

Apa ticenjezane. Mantha adzidzidzi pa okha sapha munthu, koma alipo matenda akupha amene amavala nkhope yofanana nawo. Munthu amene akutaya magazi m'kati, amene magazi oundana atseka mtsempha wa m'mapapo, amene mpweya wa okosijeni wamucepera, amene shuga watsika, kapena amene bala lake lalowa tizilombo, nayenso amabanika, mtima umagunda, ndipo amamva kuti imfa yayandikira. Ngakhale cikhodzodzo codzaza cimene cikukanika kutulutsa mkodzo cimabalalitsa wodwala. Si nchito ya ife odwazika kusiyanitsa zimenezi. Itanani namwino nthawi iri yonse, ayeze magazi, mpweya ndi kutentha kwa thupi, ndipo iye ndiye anene kuti ndi mantha cabe.

Mukatuluka m'cipatala, bwererani tsiku lomwelo ngati pali kupweteka kwa m'cifuwa kapena kubanika kosatha, kutsokomola magazi, kutupa ndi kupweteka kwa mwendo umodzi, kutentha thupi, kukomoka, kapena bala lotuluka magazi kapena mafinya. Amai amene angobereka asamale koposa m'masabata 6 oyamba, pakuti ndiyo nthawi imene magazi amaundana mosavuta.

Abambo amene amamwa mowa tsiku ndi tsiku amve ici. Munthu wozolowera mowa akausiya mwadzidzidzi cifukwa wagonekedwa m'cipatala, thupi limaufuna. Kunjenjemera, thukuta ndi mantha zimayamba patapita maola ocepa, ndipo pa tsiku laciwiri kapena lacitatu ena amaona zinthu zimene palibe kapena kugwa khunyu. Ici cingaphe, koma cimapeweka acipatala akadziwiratu. Okalamba nawonso nthawi zina amasokonezeka mutu kwa masiku angapo pambuyo pa opaleshoni, maka-maka usiku. Limenelo ndi vuto lina, lofuna kuonedwa ndi dokotala.

TINGACITENJI?

Coyamba, tilankhule opaleshoni isanacitike. M'zipatala zambiri za muno m'Zambia nchito yogonetsa odwala imagwiridwa ndi ma clinical officer amene anaiphunzira mwapadera, ndipo kuyambira m'caka ca 2011 University of Zambia inayamba kuphunzitsa madokotala akatswiri a nchitoyi pa cipatala ca UTH mu Lusaka. Wogonetsa akabwera kudzakuonani, muuzeni ngati munadzukapo moipa pa opaleshoni ina, ngati mumagwidwa ndi mantha adzidzidzi, ngati mumaopa malo otsekeka. Nenani mosabisa za mowa, fodya ndi camba, za mapilitsi onse amene mumamwa, ndi za mankhwala acikuda. Iye sali woweruza. Akufuna kusankha mankhwala okuyenerani. Wamva m'mimba ndiye atsegula citseko. Mufunseni kuti adzagwiritsa nchito njira iti, mudzamva ciani podzuka, ndipo zidzatenga nthawi yotani. Munthu amene anauzidwiratu kuti miyendo idzalemera kapena kuti angaone zacilendo sacita mantha ngati amene zamudzidzimutsa. Safunsa anadya phula.

Caciwiri, pa ola lodzuka pakhale munthu mmodzi yekha, wodziwika bwino kwa wodwalayo ndi wodekha mtima. Alankhule motsitsa, mau ocepa, obwereza: kumuchula dzina, kumuuza kuti ali m'cipatala, kuti opaleshoni yatha, kuti zimene akumvazo ndi mankhwala ndipo zikutha. Asamugwedeze, asamupanikize pa bedi, ndipo asatsutsane naye pa zimene akuona. Ngati wodwala akutha kumva, apume naye pamodzi: kukoka mpweya ndi mphuno powerenga mpaka 4, kuutulutsa pang'ono-pang'ono ndi pakamwa powerenga mpaka 6. Asamupatse madzi kapena cakudya namwino asanalole, pakuti munthu wosadzuka bwino angatsamwe. Pemphero silicepa mphamvu cifukwa canenedwa camumtima; nyimbo zidikire tsiku lotsatira.

Cacitatu, musanatuluke funsani dzina la mankhwala amene anakuvutitsani, ndipo alembedwe pa khadi lanu la cipatala kuti mudzalionetse mtsogolo. Maloto oipa a masiku ocepa si acilendo. Koma ngati mwezi watha manthawo akubwerabe, kapena munthu wayamba kuopa kukwera basi, kulowa m'chalichi modzaza anthu, kapena kupita ku cipatala, apite akaonedwe. Matenda amenewa amacizika, ndi uphungu wophunzitsa munthu kumvetsa zizindikiro za thupi lake ndi kuleka kuziopa, ndiponso ndi mankhwala ngati kuli kofunika. Kuonana ndi anamwino kapena madokotala a za maganizo, kaya pa cipatala ca m'dera lanu kapena ku Chainama, sikutanthauza kuti munthu wapenga. Asadzicize ndi mowa kapena ndi mapilitsi a diazepam ogula mwamseri, cifukwa zimenezi zimatonthoza lero n'kumanga munthu ukapolo mawa.

MAU A MUNTHU WOGONETSEDWA SI UMBONI

Pali mantha ena amene sitiwachula poyera. Ena amakana opaleshoni poopa kuti ali m'tulo adzaulula zinsinsi. Ena, akamva wodwala akubwebweta, amachera khutu kuti amve dzina la mfiti kapena la cibwenzi. Abale, ubongo umene uli m'mankhwala umasakaniza maina, nkhope ndi maloto monga mphepo isakaniza masamba. Zonena za munthu wotere si kuulula ndipo si umboni. Kumanga mlandu pa mau amenewo ndi kunamizira mnzathu, ndipo lamulo lacisanu ndi citatu timalidziwa tonse.

Ndipo amene amadziimba mlandu kuti kulandira mankhwala othetsa ululu kapena kucita mantha m'cipatala ndiko kucepa cikhulupiriro atonthole mtima. Pa 24 Febuluwale 1957 Papa Pius XII, poyankha mafunso a bungwe la madokotala ogonetsa odwala la ku Italy, anaphunzitsa kuti si chimo kucotsa ululu ngakhale kugonetsa munthu pamene pali cifukwa coyenera ca cipatala. Kunjenjemera kwa thupi limene lalandira adrenaline kapena ketamine sikunena kanthu za cikhulupiriro ca mwini wake, monga momwe kutentha thupi kwa malungo sikunenera kanthu.

Nanga mai uja? Zinatitengera masabata atatu kuti timukope kubwerera ku cipatala, ndipo anavomera pokha-pokha mng'ono wake atamubwerezera mau onse a wogonetsa uja. Mkono unalunzika bwino. Pa khadi lake palembedwa dzina la mankhwalawo ndi zimene zinamucitikira. Nchito yovuta koposa inali ya kumudzi. Tinapita anthu atatu pamodzi ndi apongozi aja kukapepesa kwa mkulu amene anachulidwa. Anatilandira, natipatsa mipando, koma anatiuza kuti adzukulu ake anali ataleka kale kutunga madzi pa mjigo cifukwa ca zonena za anthu. Mantha a maiyo anatha m'ola limodzi. Mau athu sanathebe kufafanizika.

Kuyambira pamenepo mphakati wathu unagwirizana kuti wodwala wocitidwa opaleshoni tizikamuona tsiku lotsatira, awiri-awiri, ndipo tsiku loyamba tizisiyira wodwazika mmodzi ndi anamwino. Mwina nanunso mungakambirane zimenezi mukakumana sabata ino.